Kodi Timakwera Njanji Kapena Sitima?

Mphunzitsi wina wa ku Balaka wandilembera kuti ana a m'kalasi mwake akamalemba chimangirizo amakonda kunena kuti "tinakwera njanji kupita ku Limbe", ndipo iye amawakanira. Akufuna kudziwa ngati akuchita bwino powakanira, ngati mawu oyenera ndi njanji kapena njanje, komanso chifukwa chimene akuluakulu amanenera kuti "sitima ya pamtunda" m'malo mongoti sitima.

Aphunzitsi, funso lanuli landisangalatsa kwambiri, ndipo pa mfundo yoyambayo mukulondola. Njanji ndi msewu wa zitsulo, zija ziwiri zoyalidwa moyandikana pamwamba pa mitanda ndi miyala, pamene sitima ndi chimene chimayenda pa zitsulozo. Munthu amawoloka njanji, amamanga nyumba m'mbali mwa njanji, koma amakwera sitima. Mwana amene wati anakwera njanji wanena zofanana ndi wina woti anakwera msewu kupita ku Zomba.

Funso lanu lachitatu ndi limene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa yankho lake lili m'mbiri ya dziko lino. Mawu akuti sitima anachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza chombo choyendera nthunzi, ndipo kuno zombo zoterozo zinafika kale sitima ya pa njanji isanaoneke. Ilala yoyamba ija inalowa m'nyanja yathu mu 1875, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri munthu wa ku Chiromo kapena ku Mangochi akati sitima ankanena chinthu cha pamadzi basi. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankakwera ndi Zambezi ndi Shire, kenako amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Ntchito yoyala njanji ya kampani ya Shire Highlands Railway inayamba mu 1903, ndipo pofika 1908 sitima inali ikuyenda pakati pa Blantyre ndi Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Makolo athu ataona chinthu chachitsulo chofuka utsi, chodya moto ndi kumwa madzi ngati zombo zija, anachipatsa dzina lomwe linalipo kale, n'kungowonjezera kumene chikuyenda. Ndicho chifukwa chake tili ndi sitima ya pamadzi ndi sitima ya pamtunda. Agogo anga aamuna, amene anagwirako ntchito yokweza matumba a fodya pasiteshoni, sindinawamvepo akungoti sitima osatchula kuti ya pati, ngakhale kuti kwathu kunalibe nyanja. Lero ku Balaka mukangoti sitima aliyense amva, choncho musawakakamize ana kuwonjezera mawuwo pokhapokha pamene pangakhale chisokonezo.

Za njanji, ine ndimakhulupirira kuti mawuwa anabwera kuchokera kummwera. Mashona nawo amati njanji, Azulu amati ujantshi, ndipo anthu athu ambirimbiri amene ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko ankabwera ndi mawu pamodzi ndi masutikesi awo. Ngakhale muyezo wa njanji yathu, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, ndi womwewo wa ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Ndaona ena akulemba njanje, ndipo ndamva anthu ambiri akutchula choncho, makamaka m'chigawo cha kummwera. Ine ndimalemba njanji chifukwa ndi mmene ndinawapezera m'mabuku amene ndinaphunzira, koma mwana wolemba njanje musamuchotsere malikisi, bola asasinthesinthe m'chimangirizo chimodzi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi china. Masiku ano ndikumva achinyamata, ngakhale pa wailesi, akunena "treni" ndi "lokomotivi" ngati kuti Chichewa chinalibe mawu ake. Chija chokoka chili kutsogolo timachitcha mutu wa sitima, ndipo dzinali ndi labwino kuposa lobwerekalo, chifukwa limaonetsa mmene anthu anaonera sitima: chamoyo chachitali chokhala ndi mutu, thupi lake likutsatira pambuyo. Amene akufuna kuona mutu wa sitima wa makedzana apite ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, kumene kunaimikidwa umodzi mwa mitu yakale ya nthunzi, akaone ng'anjo yake ndi chumuni chake. Mitu yotereyi ndi imene inasiya mawu akuti sitima ya malasha, amene anthu anayamba kuwagwiritsa ntchito kwambiri zitabwera sitima za dizilo, pofuna kusiyanitsa ziwirizi. Pamene mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwe njanji inafikanso ku Salima, inali mitu ya nthunzi yomweyi imene inkakoka tiyi ndi fodya kupita ku doko la Beira. Njanji ya ku Nacala, yopatukira pa Nkaya pafupi ndi kwanuko n'kudzera ku Nayuchi, inabwera pambuyo pake mu 1970.

Mabogi okha ndimawalola ndi mtima wonse, ngakhale kuti mawuwa tinawapotoza. Kwa eni ake, bogi ndi kachimango ka mawilo kamene kamakhala kunsi, koma ife tinatenga dzina la kachigawoko n'kulipereka kwa ngolo yonse, ndipo lakhazikika moti palibe amene angalizule. Tili ndi mabogi a anthu ndi mabogi a katundu, ndipo mawuwa alowa bwino m'gulu la maina otenga ma- pochulukitsa. Sitima yokha siili m'gulu limenelo: timati sitima imodzi, sitima ziwiri, monga nyumba imodzi, nyumba ziwiri. Ana anu akalemba "masitima awiri", pamenepo ndiye muwakonze.