Musamusamutse mwanayo musanaone mndandanda wa NCAA

Achemwali, musasaine chilichonse sabata ino, chonde. Mawu amene kochi wa basketball wa AAU (matimu oyendayenda osakhala a sukulu) akukuuzaniwo, akuti mwana wanu wa giledi 10 wakula kuposa sukulu yake ndiye mumusamutsire ku prep school, sukulu yolipira yokonzekeretsa ana za koleji, akaonekere kwa makochi akuluakulu, ine ndinawamva m'nyumba mwanga momwe, munthu atakhala pa sofa yanga, akudya nsima yanga ndi chambo chimene ndinachita kuitanitsa kumudzi. Ndikuwerenga zimene mwalemba pagulu panozo manja akuchita kunjenjemera.

Wanga ndi wamtali mafiti 6 ndi mainchesi 7. Kuno ku Indiana mukudziwa nokha, Lachisanu usiku tauni yonse imakhala mu jimu, ndipo mwana akayamba kugoletsa aliyense amakhala malume ake. Pa 15 June atangomaliza giledi 10, tsiku limene makochi a ku koleji amaloledwa kuyamba kuimbira mwana, foni yake inalira mpaka batire kutha. Pa 247Sports, webusaiti yoika osewera pa mlingo, anamupatsa nyenyezi zitatu. Bambo ake ankangoyenda m'nyumba akumwetulira okha. Ndiye anabwera dobadoba wa kochi amene anadya nsima yanga uja, wa lilime lozuna, amvekere mwanayu ndi wa nyenyezi zinayi kungoti akusewera ndi ana ofooka, ndili ndi mnzanga ali ndi academy kumwera uko, makochi a Division I, gawo lapamwamba la masewera a koleji, amachita kugona pakhomo. Sikolashipu theka, theka linalo mulipira inu. Puloti yathu ya ku Lunzu inapita choncho. Ndalama za chipereganyu chathu cha amayi nazonso zinalowa momwemo.

Zithunzi zimene anationetsa zinali za jimu yokongola, kumbuyo kuli mitengo ya kanjedza. Jimuyo inali yobwereka, ankailipira pa ola. Nditapita kukamuona mwana ndinapeza anyamata akugona pa matilesi pansi m'nyumba ya lendi, mapazi atatulukira kunja kwa zofunda, mufiriji muli mkaka ndi ma hot dog basi. Kalasi inali chipinda chimodzi kuseri kwa mashopu, malaputopu pa tebulo, ndipo amene ankati mphunzitsi ndi yemweyo ankayendetsa basi ya timu. Nditafunsa anati maphunziro onse ndi a pa intaneti, NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, ikuwaunika, mapepala atuluka posachedwa. Posachedwa ameneyo ndinamumva chaka chonse.

Mpira wokha ankasewera bwino, bodza ayi. Mu October wa giledi 12 yunivesite ina ya Division I, osati zikuluzikulu za pa TV zija koma yabwino ndithu, inamuuza kuti malo ako alipo. Iye anavomera pakamwa, naika chithunzi pa Instagram atavala jezi yawo, pansi atalemba committed. Abale ku Ndirande anachigawana pa WhatsApp mpaka chinandibwerera kuchokera kwa anthu osawadziwa. Kutchalitchi tinapereka chopereka cha mayamiko. Itafika November, nthawi yosainira, kochi wa yunivesiteyo anati tidikire kaye transcript, pepala la magiledi a mwana, tidzasaina mu April. Dobadoba uja amvekere osadandaula mama, zimatero.

Tsikulo ndinali shifiti ya madzulo ku nursing home, ndikusintha zofunda za gogo wina amene sayenda. Foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu, nditaona nambala ndinathamangira m'kachipinda kosungira matawulo n'kutseka chitseko, ndikuganiza kuti andiuza tsiku losainira. Sanali kochi wamkulu wa yunivesite ija, anatuma wachiwiri wake, mnyamata amene anadyapo mandasi anga. Anayamba ndi kundifunsa za nyengo. Kenako anati a compliance, ofesi yoona za malamulo, aona mapepala, maphunziro a sukulu ija NCAA yawakana, Chingerezi, masamu ndi sayansi za zaka ziwiri sizikuwerengedwa, mwana wanu ndi nonqualifier, chaka choyamba sangasewere, sangachite nawo mapulakatisi, sangalandire sikolashipu ya masewera. Ndinafunsa ngati angabwereze m'chilimwe. Anati mwana akamaliza high school amaloledwa kuwonjezera phunziro limodzi lokha, ndipo wanu akusowa ambiri. Ndiye anatsitsa mawu n'kunena kuti malo ake apereka kale kwa mnyamata wa zaka 22 wochokera mu transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusamuka koleji. Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati thank you sir. Kuthokoza munthu amene wangondipha kumene! Ndinakhala pansi pa thumba la zochapa, belu la gogo uja likulira panja, miyendo osafuna kudzuka. Mnzanga wa ku Ghana ndi amene anandipeza n'kukamalizitsa bedi lija.

Mwanayo anali atamva kale, anamutumizira meseji ya mizere iwiri. Usiku anandiimbira ali panja pa nyumba ija kuti anzake asamve. Sanalire. Anangoti amama, chithunzi chija ndichotse pano kapena ndidikire mawa? Mwana wa zaka 18, chimene chinkamuvuta ndi manyazi.

Dobadoba uja foni yake inangoti zii. Munthu amene ankandiimbira ngakhale pa Khirisimasi, ankanditcha mama, ankati mwanayu ndi wanga yemwe. Ndinadzamva kwa mayi wina wa ku Nigeria kuti pa mwana aliyense amene ankapititsa ku academy ija ankalandira yake ya m'thumba. Anatidyera masuku pamutu ife tikumuthira ndiwo zina m'mbale. Ndipo amatisankha dala ife obwera, amadziwa kuti tili pa madabulo shifiti, malamulo a NCAA sitinakulire nawo, komanso tinaleredwa kuti munthu wotchedwa kochi kapena aphunzitsi sitimufunsa kawiri. Mpaka lero ndimamuona m'majimu atakolekera wisulo m'khosi, akugwira mapewa a ana a eni ake. Tinakumana maso pa tonamenti ina, anatembenuka n'kuyamba kuyankhula pa foni yosalira. Mulungu andikhululukire, sindinafike pomupempherera.

Tsono mverani. Division I imafuna maphunziro 16 amene amati core courses, GPA yake, avereji ya magiledi, isatsike 2.3, ndipo 10 mwa amenewo akhale atatha mwana asanayambe giledi 12, asanu ndi awiri mwa khumiwo akhale Chingerezi, masamu kapena sayansi. Mayeso a SAT ndi ACT a NCAA anasiya kufuna mu 2023, ndiye wina asakunamizeni kuti mayeso adzakonza zinthu. Sukulu iliyonse yovomerezeka ili ndi mndandanda wa maphunziro ake pa webusaiti ya NCAA Eligibility Center, mumangolemba dzina la sukulu n'kuona nokha, mwaulere. Ngati palibe, kapena akuti ikuunikidwa, thawani. Mwanayo mulembetseni ku Eligibility Center panopa, imelo ndi pasiwedi zikhale zanu, osati za kochi.

Lonjezo la pakamwa si kanthu, ngakhale offer imene ana amaika pa Instagram si kanthu. National Letter of Intent, kalata imene ana ankasaina pomangana ndi yunivesite, inathetsedwa mu October 2024, pano chimene chimagwira ntchito ndi pepala la financial aid limene yunivesite yasaina. Komanso dziwani kuti masiku ano mwana wa high school akulimbirana malo ndi akuluakulu. Chiyambire 2021 osewera amasamuka koleji popanda kukhala chaka pa benchi, ndiye kochi amene ntchito yake ili pa mpeni amasankha wa zaka 22 amene wasewera kale. Malo pa timu anali masikolashipu 13, pano ndi osewera 15 ku masukulu amene analowa m'mgwirizano wa 2025 wothetsa mlandu wa House, wolola masukulu kulipira osewera. Anyamata osewera ku high school m'dziko muno amapitirira 500,000, ofika Division I ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, ndipo NBA, ligi yaikulu ya akatswiri, imasankha 60 pa chaka. Munthu wina akayamba kukamba za envelopu ya ndalama zamseri, kumbukirani Brian Bowen amene ankasewera ku La Lumiere, pompano ku La Porte. Nkhani ya madola 100,000 amene akuti analonjezedwa ku banja lake kuti apite ku yunivesite ya Louisville itaphulika mu 2017, kochi Rick Pitino anachotsedwa ntchito ku Louisville koma lero akuphunzitsabe, pamene mwanayo sanasewereko gemu ya koleji ndi imodzi yomwe. Za NIL, zoti wosewera azilandira ndalama pa dzina ndi chithunzi chake, zilipo kuyambira July 2021, koma ngati wanu ali pa viza ya ophunzira ya F-1 musalandire kalikonse musanaonane ndi loya wa za imigireshoni.

Koma musamuchotse ku AAU, pamenepo ndiye mungamuphere tsogolo. Makochi a koleji sabwera kawirikawiri ku magemu a sukulu, amadzaza m'matonamenti a Nike EYBL, Adidas 3SSB ndi Under Armour, ndipo amene wafika ku Peach Jam, ndime yomaliza ya EYBL, ku North Augusta mu July amaonedwa ndi aliyense. Zondiwawa kunena, koma akanapanda satana uja kumuika wanga pa timu yoyendayenda, foni ija sikanalira. Kochi wanuyo musakangane naye, mumufunabe, muzimuseka bwinobwino koma transcript isadutse m'manja mwake. Kusamukanso sikuti n'koipa konse. Cooper Flagg anachoka ku Maine kupita ku Montverde Academy, kenako Duke, mu 2025 n'kukhala woyamba kusankhidwa mu NBA yonse, anamutenga ndi a Dallas Mavericks. Montverde kapena La Lumiere atakuimbirani okha, mulongezereni chikwama usiku womwewo. Kungoti sukulu zoterozo zikamufuna mwana zimabwera zokha, sizituma munthu wodzadya nsima.

Wanga anakathera ku JUCO, koleji ya zaka ziwiri, kumene poyamba ankakana kuti ndi kwa olephera. Bambo ake anachita kumuuza za Jimmy Butler amene anayambira ku Tyler Junior College asanapite ku Marquette. Nthawi imeneyo nonqualifier ankayenera kumaliza digiri ya zaka ziwiri ndi GPA ya 2.5 kuti abwerere ku Division I, iye anamaliza, koma amene anabwera ndi pepala lenileni anali a Division II ndipo tinasaina tsiku lomwelo. Akusewera, akuwerenga za accounting, puloti ija ndiye inapita.

Lolemba mupite nokha kwa guidance counselor, mlangizi wa maphunziro, wa sukulu imene ali panoyo, akusindikizireni transcript muwerenge limodzi ma core courses amene wamaliza. Ndipo dzina la prep school imeneyo ndi la kochiyo munditumizire ku inbox, osalemba pagulu pano. Ngati ali yemwe ndikumuganizirayu ndikuimbirani usiku uno.