Kwa achimwene ofuna kupanga ndege yawoyawo kuno ku Harare

Achimwene, mwafunsa kuti ndi ndege iti yomwe mungapange nokha m'galaja ndi ndalama zochepa, komanso ngati injini ya galimoto ya VW Beetle ingaiulutse. Zimatheka ndithu, anthu anayamba kalekale, moti ku America bungwe la EAA lomwe Paul Poberezny anayambitsa mu 1953 ntchito yake ndi yomweyi. Koma musathamangire kusankha ndege chifukwa yakongola pa YouTube, yambani kaye ndi injini komanso malo omwe tikukhalawa.

Harare ili pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,500 (cha m'ma mafiti 5,000), ndipo bwalo la Charles Prince ku Mount Hampden komwe kumakhala tindege ting'onoting'ono nalo lili pamwamba chimodzimodzi. Mpweya wakuno ngopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 alionse omwe mwakwera, ndiye ife tataya kale cha m'ma 15 peresenti tisanachoke n'pansi pomwe, kukabwera kutentha kwa Okutobala kuja zimaposa pamenepo, mapiko nawo sanyamula bwino, pulopela nayo sigwira mpweya mokwanira. VW ya hosipawa 65 kuno muiwerengere ngati ya 55 kapena kutsika. Munthu mmodzi wopepuka ikhoza kumunyamula, koma inu mwati mukufuna kumakwera awiri ndi akunyumba, apo ine ndikukana, mitengo yakumapeto kwa ranuwe ija mudzaiona pafupi zedi.

Ena akuuzani za Pietenpol Air Camper, ya Bernard Pietenpol wa ku Minnesota yomwe poyamba inkauluka ndi injini ya Ford Model A. Ine ndimaikonda, mapulani ake ngotchipa, koma ndi yamatabwa ndi nsalu ndipo matabwa ake si a paini aku hadiwe ayi, amafuna Sitka spruce ndi pulayiwudi ya ndege zomwe muyenera kuitanitsa kunja. Ma RV, ndege za kampani ya Van's, ngothamanga koma mtengo wake si wa anthu ngati ife. Sling ya ku Johannesburg ndi yabwino ndipo ili pafupi, Mike Blyth ndi James Pitman anazungulira nayo dziko lonse mu 2009, koma imabwera ngati kiti, zidutswa zopangiratu zoti mulumikize nokha, ndipo ndalama zake zimafunika zambiri kamodzin'kamodzi.

Ineyo ndikadakhala inu ndikadatenga Zenith CH 701 ya Chris Heintz, yomwe inatuluka mu 1986, n'kugula mapulani okha. Ndi ya aluminiyamu 6061-T6, marivet ake ndi aja okoka ndi chida chapamanja ndiye simufunika munthu wachiwiri wogwirira mbali inayo, nthiti za mapiko mumazipinda nokha ndi hamala pa thabwa lomwe mwalisema, ndipo mumagula malata pang'onopang'ono malinga ndi m'mene mwezi wayendera. Kutsogolo kwa mapiko kuli ma slat omwe amapangitsa kuti inyamuke pamalo aafupi kwambiri, zomwe kuno kumtunda ndiye zofunikazo. Siithamanga, izi mudziwiretu. Yambani ndi rada, chiwongolero chakumchira chija, mukaimaliza bwino mudziwa ngati ntchitoyi mungapirire nayo kwa zaka, chifukwa yopanga ndi mapulani okha imadya zaka ndithu.

Ndalama zambiri zidzapita ku injini, ndiye muyambiretu kusunga lero. 701 imayenda bwino ndi Rotax 912, pali ya hosipawa 80 ndi ya 100, kuno tengani ya 100. Yakale mutha kugula koma yopanda logibuku, buku la mbiri ya injiniyo, musaiyandikire olo itchipe bwanji, komanso mapaipi ake a rabala amafunika kusintha zaka 5 zilizonse. Chenjeraninso ndi petulo. Rotax imamwa petulo wa galimoto eya, koma eniake amalola ethanol mpaka 10 peresenti basi, pomwe wapa filingi kuno nthawi zina amasakaniza mpaka 20, ndiye nkhani ya mafuta muifufuze musanagule injini. Mabawuti nawo akhale a AN enieni a ndege, aku msika wa Magaba aja asiyeni agwire mageti ndi mawindo. Powerengera musaiwale thiransipoti ndi msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho lija, zinthu zazing'onozi zikaphatikizana zimaluma.

Musanadule lata ngakhale limodzi pitani ku CAAZ, bungwe loona za ndege kuno ku Zimbabwe, mukawafunse zomwe amafuna pa ndege yopanga wekha, ndani adzaiyendera komanso pa siteji iti, chifukwa mukatseka mapiko asanaone m'kati akhoza kukuuzani kuti mutsegulenso. Jambulani chilichonse, malisiti sungani mufayilo. Loweruka lina mupite ku Charles Prince, mukalipire ola limodzi ndi mphunzitsi, mukacheze ndi mainjiniya m'mahang'ala, ndipo laisensi yanu ya upayiloti muiike mubajeti momwemo. Ndege ikadzatha, ulendo woyamba mudzapatse payiloti yemwe anaulutsapo kale 701, inu mudzaonerere muli pansi ndi wailesi m'manja.