Achemwali, za magazi oika pabala la dzino zija

Ndawerenga funso lanu. Mwati dokotala wa mano kwanuko ku Johannesburg akufuna kuchotsa dzino lakumapeto kwenikweni, lam'munsi, lomwe lamera chopingasa, ndipo wati adzakutengani magazi pamkono n'kuwaika pabalapo, inu mulipirepo ndalama yapadera. Mukufunsa ngati n'zoona kapena akungofuna kukudyerani. Ine ndimathandizira dokotala pamaopaleshoni a m'kamwa, ndiye ndikuuzeni zomwe ndimaona ndi maso angawa.

Mtima ukhale m'malo. Njirayi ndi yeniyeni, dzina lake ndi PRF (pa Chingerezi platelet-rich fibrin), kanthu koundana kopangidwa kuchokera m'magazi anu omwe kothandiza bala kupola. Ndikudziwa kuti ife kwathu nkhani yotengedwa magazi imatisowetsa mtendere, koma apa magaziwo satuluka m'chipindamo, ndi anu omwe, ndipo amabwerera m'thupi mwanu tsiku lomwelo. Amadzaza timabotolo tiwiri, mwina tinayi, kalikonse ka mamililita 10. N'zochepa zedi tikayerekeza ndi mamililita 450 omwe munthu amapereka akapita kukathandiza odwala ndi magazi.

Akangotenga, ife timathamanga nawo, chifukwa m'timabotolomo mulibe mankhwala oletsa magazi kuundana, ukachedwa pang'ono basi zawonongeka. Timaika m'makina omwe amazungulira maulendo 2,700 mpaka 3,000 pamphindi, kwa mphindi 10 kapena 12. Pochotsamo mumaona zigawo zitatu: pansi pofiira, pamwamba madzi oyererako, pakati kanthu kachikasu kotereraterera, kofanana ndi mafuta a nkhuku yonona. Kachikasuko ndiko timafuna. Dokotala amakanyamula ndi kachitsulo kopanira, n'kudula mbali yofiira ija, kukafinya pang'ono, kenako kukalowetsa m'dzenje momwe munali dzino n'kusoka nkhama. Odwala ambiri ndikawaonetsa amadabwa kuti kanthu kotere kachokera m'magazi awo.

Mkati mwakemo muli mapulateleti, timaselo tomwe timathamangira pabala kukaletsa magazi kutuluka, atakodwa mu ukonde wa fibrin, timaulusi tomwe timapangika magazi akamaundana, pamodzi ndi maselo oyera. Mapulateletiwa amatulutsa mapuloteni oitana mnofu watsopano ndi timitsempha tatsopano kuti timere, ndipo chifukwa cha ukonde uja amatulutsa pang'onopang'ono kwa sabata ndithu. Si zachilendo ayi. Mu 1998 dokotala Robert Marx wa ku Miami, ku America, analemba za PRP, njira yoyambirira yogwiritsa ntchito mapulateleti a wodwala yemweyo, pomanganso fupa la nsagwada, koma njira imeneyo inkafuna kuthiramo mankhwala. Mu 2001 dokotala Joseph Choukroun wa ku France anabweretsa PRF, yopanda chothiramo chilichonse, ndipo ndiyo yafala masiku ano.

Tsono pandalama paja. Chomwe timaopa kwambiri pa dzino ngati lanulo ndi vuto lotchedwa dry socket. Magazi oundana omwe amatseka dzenje akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda, ndipo pakatha masiku awiri mpaka anayi ululu umayamba wofika mpaka kukhutu, m'kamwa n'kumanunkha. Ndinaonapo bambo wina, munthu wamphamvu zake, atabwera tsiku lachitatu atagwira tsaya, asanagone usiku wonse, panado atalephera. Vutoli limakonda mano akumapeto am'munsi, anthu osuta fodya, ndi amayi omwe akumwa mapiritsi olerera. Apa ndiye PRF ndimaiyamikira: imachepetsa mpata wa vutoli, ululu wa masiku oyamba umachepa, nkhama zimatseka msanga. Za kumera kwa fupa, ofufuza sanagwirizanebe, ena apeza kusiyana, ena sanapeze kwenikweni. Choncho wina akakuuzani kuti popanda PRF bala silipola, akuwonjeza. Anthu ochuluka amapola bwinobwino popanda iyo. Koma dzino lopingasa, lofuna kung'amba nkhama ndi kusema fupa, ine likanakhala langa ndipo ndalama ilipo, ndikanavomera. Ngati thumba silikulola, musalowe m'ngongole chifukwa cha zimenezi, auzeni adokotala mosabisa.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musabise mankhwala omwe mukumwa. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena asipirini, dokotala ndiye anene chochita, musasiye nokha. Ngati muli ndi shuga, ngati munauzidwapo kuti mapulateleti anu ndi ochepa, ngati mukulandira mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, ngati muli oyembekezera, zonsezi azidziwe asanagwire dzinolo. Tsiku lochotsa dzinolo mumwe madzi okwanira kuti mtsempha usavute kupeza, pokhapokha atakuuzani kuti adzakugonekani ndiye mutsate malamulo awo a kusala.

Mukabwerera kunyumba ntchito yatsala ndi yanu, chifukwa PRF nayo imatha kuchoka mukaisokoneza. Lumani thonje lomwe adzakuikeni pabalapo kwa theka la ola. Tsiku loyamba musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musamwe ndi sitiro, ndipo lilime lisamapite kukafufuza pabalapo. Fodya ayi, masiku atatu poyambira, kuposa apo n'kwabwino. Idyani phala lozizirako, nthochi, mazira, mbatata yofewa. Mtedza ndi chimanga chokazinga zidikire kaye. Pakatha maola 24 yambani kuchukucha mofatsa ndi madzi ofunda, theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi, mukatha kudya.

Kutupa kumakula mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako n'kuyamba kuphwa, zimenezo zisakuopseni. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, thupi likatentha, mafinya akaoneka, kapena kumeza kukayamba kuvuta, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku lochotsa ulusi.