Achimwene a ku Rosettenville, phata la atomu silisweka pawiri pokha

Achimwene ena a ku Rosettenville, amene amalondera usiku uku akuwerenga fizikisi pageti, anditumizira imelo. Akuti kodi phata la atomu likamasweka limangogawika pawiri basi?

Achimwene, funso lanuli landikumbutsa bala lakale. Ndinalifunsapo ndili Fomu 4. Aphunzitsi anajambula chimpira pabolodi, n'kuchidula pakati ndi choko, amvekere, "Yureniyamu ndi ameneyo, lembani." Nditakweza mkono kufunsa ngati zidutswazo zingachuluke, anati zimenezo sizibwera pamayeso. Ndinakhala pansi misozi ili m'maso.

Sananame ayi. Zogawika pawirizo anazitulukira Otto Hahn ndi Fritz Strassmann ku Berlin mu 1938, ndipo n'zimene zimapangira magetsi ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town. Koma kutseka mwana pakamwa chifukwa cha mayeso n'kulakwa kwakukulu, ndipo sindidzasintha maganizo. Dziko lokhala ndi yureniyamu ku Kayelekera, ana ake n'kumaloweza chimpira cha choko?

Masiku ano ndikakwera takisi kudutsa milu yachikasu ya m'migodi kuno ku Johannesburg, ndimaganiza za golide. Phata lake lili ndi tizinthu ting'onoting'ono, mapulotoni 79 ndi manyutuloni 118, tothinana ngati dontho la madzi. Golide yemweyu ndi amene akatswiri a ku GSI, malo ofufuzira za sayansi ku Darmstadt ku Germany, ankamuwombanitsa ndi golide mnzake pa liwiro loopsa, ndipo mu 1995 anasonyeza kuti phatalo limachita ngati madzi akamawira: umawonjezera moto, koma kutentha kumaima kaye pamodzimodzi pamene madziwo akusanduka nthunzi.

Ndinazimvetsa bwino tsiku lina kwa mnzanga wokazinga chipisi ku Yeoville. Dontho la madzi linagwera pachiwaya chamoto, thee! Silinagawike pawiri, linamwazika timadontho tambirimbiri.

Tsono yankho lake

Ayi, si pawiri pokha. Mukaligunda pang'ono, phata lolemera limatamuka, kuwonda pakati, n'kuduka pawiri. Mukalimenya mwamphamvu, limatentha kufika madigiri pafupifupi 60 biliyoni, limafufuma, ndipo mphamvu yogwirizira tizinthuto, imene imagwira pafupi pokha, imalephera. Mapulotoni amakankhana, phatalo n'kuphwanyika nthawi imodzi kukhala timaphata tambiri ngati ta lifiyamu, kaboni ndi okosijeni. Mukafuna kuwerenga zambiri usiku uno pagetipo, dzina lake ndi multifragmentation.