Za siliva wa a Karen: ndalama yanu ifike kwa wosula

Asisi mwafunsa ngati kugula mikanda ya siliva ya a Karen pa intaneti kumathandizadi mabanja amene amasula kapena ndalama imangothera kwa mavenda apakati. Ine ndimatunga mikanda ndi ndolo zogulitsa ndipo siliva ameneyu ndimamugwiritsa ntchito, ndiye ndiyankheko.

A Karen ndi mtundu wa anthu amene amapezeka ku Myanmar komanso kumapiri a kumpoto ndi kumadzulo kwa Thailand, koma osula ambiri otchuka ali m'chigawo cha Lamphun, boma la Li, mudzi wa Phra Bat Huai Tom, kumwera kwa Chiang Mai. Ambiri ntchitoyi amagwirira pakhomo, wina kusungunula, wina kuphwatalalitsa ndi nyundo, wina kudinda timaluwa ndi tinsomba ndi kachitsulo, banja lonse limadyera pomwepo. Siliva wawo amakhala wa 95 peresenti kukwera m'mwamba pomwe wa m'mashopu uja olemba 925 ndi wa 92.5, nchifukwa chake wawo ndi wofewa, amamvera nyundo.

Apa ndiye pali nkhani. Ine ndinapusitsidwapo ndi wogulitsa wina, paketi yafika ndathira mikanda pa mbale yoyera kuti ndione bwino, yonse kufanana ndendende ngati mapilisi, nditangoona ndinadziwa kuti ndi ya makina angoiika dzina la a Karen, zinandiwawa mpaka lero. Yosula pamanja ukaiyika iwiri pafupi umaona kuti kaduwa kena kapendekeka pang'ono, pena kamzere polumikizira kakuoneka, umachita kuona kuti apa panadutsa dzanja la munthu.

Ndiye musanalipire mufunseni wogulitsayo kuti katunduyu wachokera mudzi uti, amagula kwa osula eni ake kapena kumaoda a ku Bangkok, ndipo amawalipira liti. Woona mtima amayankha osazungulira. Koma chimene ndimalimbikira kwambiri ndi ichi, mtengo uli pawiri, pali wa siliva weniweniyo poyeza pa sikelo ndi wa ntchito ya manja. Wa siliva sausintha munthu, mu 2025 unadutsa madola 50 pa ounce (pafupifupi magalamu 31), ndiye mukamanenerera kuti akuchotsereni dziwani kuti yomwe ikudulidwayo ndi ya thukuta la wosula. Ine bola kugula magalamu ochepa pamtengo wake kusiyana n'kufinya munthu woti akufuna fizi ya ana.

Mukapeza wogulitsa wokhulupirika musamangodumphadumpha, odani kwa yemweyo kawirikawiri olo pang'onopang'ono, perekani dipoziti ndipo muwapatse nthawi chifukwa osula ambiri amalimanso mpunga, nyengo yokolola katundu atha kuchedwerako. Makasitomala anunso muziwauza kuti mikandayi anasula ndi a Karen a ku Lamphun, anga ndikawaonetsa kaduwa kopendekeka kaja sadandaulanso za mtengo.