Ana akuwerenga koma sakumva: gulu la aphunzitsi liyambire pati?

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mphunzitsi wa kusekondale. Akuti aphunzitsi aakulu pasukulu pawo awapatsa udindo wotsogolera kagulu ka aphunzitsi anzawo, kuti apeze njira yothandizira ana a zaka 12 mpaka 16 omwe kuwerenga kukuwasautsa. Ambiri mwa anawa amatchula mawu bwinobwino, koma ukawafunsa zomwe awerengazo amangoti zyoli. Aphunzitsi a sayansi ndi a masamu akukana, akuti imeneyo ndi ntchito ya anzawo ophunzitsa chilankhulo. Ndiye afunsa kuti: "Kodi tiitane katswiri adzatiphunzitse kwa tsiku limodzi kapena awiri? Nanga gulu ngati lathuli limafunika chiyani kwenikweni?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Katswiriyo muitaneni ngati mungathe, sindikuletsani, koma musaike mtima wonse pa tsiku limodzilo. Mu 2007, Kwang Suk Yoon ndi anzake ku America anasanthula malipoti a kafukufuku oposa 1,300 okhudza maphunziro a aphunzitsi omwe ali kale pantchito. Anapezamo 9 okha omwe anachitidwa mosamala moti munthu n'kuwadalira. Mwa amenewa, pomwe aphunzitsi anaphunzira maola 5 mpaka 14 okha, kakhozedwe ka ana sikanasinthe mooneka. Pomwe maola anapitirira apo, kusintha kunaoneka. Onse 9 anali a kupulayimale, koma sindikuona chifukwa choti kusekondale zikhale zophweka kuposa pamenepo.

Choncho pempho lanu loyamba kwa aphunzitsi aakulu likhale nthawi. Ola limodzi pasabata, kapena pakatha masabata awiri, lolembedwa pandandanda ngati phunziro lina lililonse, mpaka chaka chithe. Zoti "tidzakumana tikapeza mpata" zisiyeni, pasukulu mpata supezeka wokha.

Nthawiyo ikapezeka, musathamangire njira zophunzitsira. Yambani mwamvetsera anawo. Mphunzitsi aliyense atenge ana angapo, mmodzimmodzi, pamalo popanda anzawo, awapatse ndime ya m'buku lomwe akugwiritsa ntchito m'kalasi kuti awerenge mokweza kwa mphindi ziwiri. Mudzakumana ndi mwana amene mphamvu zake zonse zimathera pa mawu aatali. Amaima, amalumpha mzere, amaona chilembo choyamba n'kungolota mawu onsewo, ndipo akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Koma inu mukamuwerengera ndime yomweyo, mafunso onse amayankha. Mudzakumananso ndi wina wowerenga mosadodoma, mawu ake omveka bwino, koma ngakhale mumuwerengere kawiri sakutolapo kanthu. Philip Gough ndi William Tunmer analongosola zimenezi mu 1986: kumvetsa zolembedwa kumadalira kutha kuzindikira mawu papepala ndiponso kumva chilankhulocho, ndipo ziwirizi zimachulukitsana ngati m'masamu, moti chimodzi chikakhala ziro zonse zimakhala ziro. Ana awiriwa pamayeso amalephera mofanana, koma thandizo lomwe akufuna ndi losiyana kotheratu. Gulu lomwe silinawasiyanitse limataya chaka.

Ndanena kuti pamalo popanda anzawo chifukwa wachinyamata wa zaka 15 amalolera kutchedwa wamwano kapena waulesi kusiyana n'kuti anzake adziwe kuti kuwerenga kumamuvuta. Ena mwa ana omwe mumati ndi osokoneza m'kalasi mudzawamvetsa tsiku limenelo.

Tsopano za anzanu a sayansi ndi masamu. Musawaweruze msanga, ali ndi mfundo. Sanaphunzire kuphunzitsa maphatikizo, ndipo palibe amene ayenera kuwapempha zimenezo. Chomwe akuiwala n'chakuti kawerengedwe ka phunziro lawo amakadziwa ndi iwo okha. Timothy ndi Cynthia Shanahan anafalitsa mu 2008 zomwe anapeza atapempha akatswiri a mbiri yakale, a kemisitiri ndi a masamu kuti aziwerenga kwinaku akunena zomwe zikuyenda m'mutu mwawo. A mbiri yakale ankayamba n'kufunsa kuti walemba ndani, ndipo anali mbali iti. A kemisitiri maso awo ankangopita uku ndi uku pakati pa mawu, zithunzi ndi zizindikiro. A masamu ankabwereza mzere umodzi kangapo, chifukwa kwa iwo ngakhale kaliwu kakang'ono kamasintha tanthauzo. Mphunzitsi wa chilankhulo, ngakhale aluse bwanji, sangaphunzitse mwana kuwerenga funso la masamu momwe wa masamu amaliwerengera.

Njira yabwino yowaonetsera zimenezi si kuwalalikira. Pamsonkhano wanu, mphunzitsi wa bayoloje abweretse tsamba lomwe aphunzitse sabata yamawa, ndipo wa mbiri yakale aliwerenge mokweza, aziima paliponse pomwe wakakamira. Tiyerekeze kuti ndimeyo ikuti: "Masamba amakoka mpweya wa carbon dioxide. Umenewu ukaphatikizana ndi madzi pamapangika shuga. Kusinthaku kumafuna kuwala, motero usiku sikuchitika." Kwa mwini phunziro palibe chovuta apa. Koma mnzakeyo adzafunsa kuti "umenewu" akuloza chiyani? "Kusinthaku" ndi kusintha kuti, popeza palibe pomwe atchula kusintha? Liwu limodzi lanyamula ziganizo ziwiri zathunthu, ndipo mwana amene sanazindikire zimenezo watayika kale. Nanga chithunzi cha tsamba la mtengo chili pambalicho, chokhala ndi mivi inayi, munthu achiyang'ane liti, asanawerenge kapena ali mkati? Mphindi khumi zotere zimamuonetsa mphunzitsi wa bayoloje zomwe wakhala akuzidumpha zaka zonse chifukwa chozizolowera. Sabata yotsatira asinthane, wa masamu awerenge tsamba la mbiri yakale. Kwa ine, ntchito yeniyeni ya gulu lanu ndi imeneyi: tsamba lenileni patebulo, zolemba zenizeni za ana pambali pake, ndi funso lakuti mwana akakamira pati.

Mukamachita zimenezi mudzaona kuti mawu omwe amagwetsa ana si okhawo olembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri. Amenewo mphunzitsi aliyense amawalemba pabolodi. Isabel Beck ndi anzake anagawa mawu m'magulu atatu, ndipo gulu lapakati ndi lomwe limasowa mwini: mawu omwe samveka kawirikawiri pocheza koma ali m'mabuku a maphunziro onse, monga "santhulani", "yerekezani", "zotsatira zake", "ngakhale zili choncho". Aliyense amaganiza kuti mnzake anawaphunzitsa kale. Gwirizanani ochepa pa teremu, ndipo mwana awamve m'kalasi ya sayansi, awamvenso m'kalasi ya mbiri yakale. Ngati ana anu amaphunzira m'chilankhulo chomwe salankhula kunyumba, apa m'pofunika kuchedwapo kwambiri.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna mukambirane mosabisa. Ana akamalephera kuwerenga, aphunzitsi ambiri amawamvera chisoni n'kusiya buku. Amafotokoza zonse pakamwa, kenako n'kulembetsa manotsi. Silabasi imatha, koma mwana amatha chaka osalimbanapo ndi ndime ngakhale imodzi payekha. Keith Stanovich anaonetsa mu 1986 momwe mpata umakulira: wowerenga bwino amawerenga zambiri n'kudziwa mawu ambiri, wovutika amapewa kuwerenga n'kutsalirabe. Kufotokoza pakamwa n'kofunika ndithu, koma kukhale kotsegulira buku njira. Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana a msinkhu ngati wa anuwo nkhani ya masewera a baseball. Ana ovutika kuwerenga koma odziwa masewerawo anaimvetsa kuposa odziwa kuwerenga omwe masewerawo sankawadziwa. Zikutanthauza kuti mphindi zisanu zomwe mphunzitsi amathera kukonzekeretsa ana pa mutu wa nkhani zimawathandiza kuwerenga, bola pambuyo pake awerengedi.

Za njira zophunzitsira, sankhani imodzi, muigwire miyezi ingapo. Yomwe ikugwirizana ndi ana omwe mwafotokozawo ndi ya Annemarie Palincsar ndi Ann Brown ya mu 1984, yomwe anaiyesa pa ana otha kutchula mawu koma osamvetsa. M'kagulu kakang'ono, ana amasinthana kutsogolera: amafunsa funso pa ndime yomwe awerenga, amanena mwachidule zomwe ili kunena, amamasula pomwe pavuta, ndiyeno amalosera zomwe zikubwera. Mphunzitsi amayamba ndi iye kuonetsa, n'kumasiyira ana pang'onopang'ono. Masabata oyamba zimayenda mwapendapenda, mafunso a ana amakhala osazama, ndipo apa m'pomwe ambiri amagwa ulesi.

N'chifukwa chake muyenera kumalowerana m'kalasi. Bruce Joyce ndi Beverly Showers anaonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti aphunzitsi ambiri sapita nazo m'kalasi zomwe amva kumaphunziro, pokhapokha pakhale mnzawo wowaonerera ndi kukambirana nawo pambuyo pake. Ku Japan aphunzitsi amakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa, enawo n'kumaonerera, koma maso awo amakhala pa ana. Tengerani pamenepo. Woonerera akhale pafupi ndi ana awiri kapena atatu, alembe zomwe anena ndi pomwe anaimira. Ndipo mugwirizane poyambirira, aphunzitsi aakulu ali pomwepo, kuti zolembazi sizidzalowa mufayilo ya munthu. Aphunzitsi akangonunkhiza kuti akuyesedwa, adzakuonetsani phunziro lokongola lomwe sachita masiku ena onse, ndipo simudzaphunzirapo kanthu.

Katswiri uja ndiye mumuitane gulu litakumana kale kangapo, muli ndi mafunso anuanu ndi zolemba za ana m'manja, ndipo mumupemphe kuti adzabwerenso. Chachikulu chomwe mungamupemphe n'chokhudza ana a mtundu woyamba aja, omwe akulimbanabe ndi kuzindikira mawu. Amenewa zokambirana za m'magulu siziwakwanira. Amafuna mphunzitsi mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa bwino kaphunzitsidwe ka maliwu ndi maphatikizo, okumana nawo m'timagulu tating'ono kangapo pasabata, ndi zowerenga zoyenera msinkhu wawo, osati mabuku a ana aang'ono omwe angawachititse manyazi. Sankhani aphunzitsi amenewa teremu ino, ndipo maola awo alowe pandandanda yomweyo.