Mtima wina ukuti tumiza, wina ukuti kana

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Ndaifupikitsa, ndipo ndachotsamo zimene zingamuulule.

"Kwathu ndine woyamba kubadwa. Mwezi ndi mwezi ndimatumiza ndalama kumudzi: fizi, feteleza, mankhwala a amayi. Foni ikalira usiku ndimapsa mtima mpaka kunjenjemera, koma ndimatumizabe. Ndikatero ndimadzida, n'kukhala pansi kudya chilichonse chili m'firiji mpaka m'mimba kupweteka. Wopereka uphungu amene ndayamba kumuona akuti mkati mwanga muli zigawo zingapo, ndipo ndiphunzire kucheza nazo. Mnzanga wa kutchalitchi akuti kumeneko n'kuitana ziwanda. Kodi ndapenga? Ndisiye?"

Achemwali, simunapenge. Zimene akukuuzanizo ife timazinena tsiku ndi tsiku osazindikira. Munthu akamati "mtima wina ukundiuza kuti ndipite, wina ukuti ndikhale", palibe amathamangira kukaitana abusa. Timangoti ali ndi mitima iwiri. Mnzanuyo mukamukumbutse kuti wolemba Salimo 42 amafunsa moyo wake womwe chifukwa chake wataya mtima, ndipo Paulo pa Aroma 7 amadandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita. Kucheza ndi mtima wako sikunayambire ku Leeds.

Mmene mwafotokozeramo, njira imene akukuyendetsaniyo ikufanana ndi Internal Family Systems, mwachidule IFS, imene imaona mkati mwa munthu ngati banja la zigawo zingapo. Anaiyambitsa ndi Richard Schwartz wa ku America m'zaka za m'ma 1980. Iye anali katswiri wothandiza mabanja osamvana, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito ndi atsikana odwala bulimia, matenda oti munthu amadya mosadziletsa kenako n'kudzisanzitsa dala. Ankakonza za m'banja, koma ambiri osachira. Atayamba kuwafunsa zimene zimachitika m'mutu mwawo, ambiri ankanena zofanana: pali liwu londinyoza, pali lina londithamangitsira ku chakudya, pali linanso longolira.

Poyamba Schwartz anachita zimene mnzanuyo akufuna, kulimbana ndi mawu oipawo kuti achoke. Mwini wake amasimba za mayi wina amene ankadzicheka thupi. Anakangana ndi chigawo chodzichekacho nthawi yaitali mpaka chinavomera kusiya. Mayiyo pobwera ulendo wotsatira anali ndi bala lalikulu kumaso. Apo m'pamene Schwartz anagwa mphwayi, n'kusiya kulamula, n'kuyamba kufunsa: kodi umachitiranji zimenezi? Yankho linali lakuti chinkamuteteza ku ululu wa nkhanza zimene anachitiridwa ali mwana. Njira yonseyi yagona pamenepo.

Schwartz anagawa zigawozi m'magulu atatu, ndipo onse atatu ndikuwaona m'kalata yanu.

Loyamba ine ndimalitcha akapitawo. Awa amadzuka m'mamawa kuonetsetsa kuti musalakwe, musanenedwe, musachititse manyazi banja. Amene amatumiza ndalama manja akunjenjemera ndi kapitawo. Amene amakunyozani kuti "mwana wosayamika iwe" ndi kapitawonso. Mwana woyamba wa m'banja losauka amalemba kapitawo ntchito ali wamng'ono kwambiri, mwina ali ndi mng'ono wake kumsana anzake akusewera fulaye. Kapitawoyo sanapumepo chiyambire, ndipo sanauzidwe kuti mwanayo anakula.

Lachiwiri ndi ozimitsa moto. Ululu ukabuka, iwo amangothira madzi, osasamala kuti anyowetsa mipando ndi mabuku omwe. Kwa inu ndi firiji ija. Kwa ena ndi mowa, kubetcha pa foni, kapena kugona tsiku lonse.

Lachitatu ndi ana otsekeredwa kuchipinda, amene magulu awiri aja amawalondera kuti asamveke. Sindikukudziwani, choncho apa ndikungoganiza, koma nthawi zambiri kuseri kwa mtima wopsa ngati wanu kumakhala kamtsikana kamene kanaphunzira kuti kamakondedwa pokhapokha kakabweretsa kanthu.

Schwartz amati kupatula zigawozi pali mwini wake wa khomo, amene amamutcha Self. Mumamuzindikira ndi kufatsa, chifundo, ndi chidwi chofuna kumva. Ganizani za nyakwawa yodziwa kuweruza: sithamangitsa munthu pabwalo, aliyense amayankhula mpaka kumaliza, koma chigamulo sichichokera kwa wofuula kwambiri. N'chifukwa chake wopereka uphungu wanu adzakufunsani kawirikawiri kuti, "Chigawo chimenechi mukuchimvera bwanji?" Mukayankha kuti "ndimadana nacho", ndiye kuti wayankha ndi kapitawo, ndipo amamupempha kuti asunthe pang'ono. Mukafika poti "ndikufuna kudziwa chimene chimaopa", mwini khomo wakhala pampando.

Tsopano pamene ine ndimakayikira. Umboni wa kafukufuku pa IFS ndi wochepa poyerekeza ndi njira ngati CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, imene yayesedwa kambirimbiri. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri anatuluka mu 2013 ku Boston, pa anthu 79 odwala nyamakazi yotupitsa mfundo. Amene anathandizidwa ndi IFS ululu unawachepera, kukhumudwa kunachepa, ndipo anayamba kudzimvera chifundo, koma matendawo m'thupi sanasinthe kwenikweni. Ndi chiyambi chabwino, koma anthu 79 sadzaza ndi tchalitchi chomwe. Komanso zigawozi palibe anaziona pa sikani ya ubongo. Ndi njira yofotokozera zimene mumamva, ndipo muigwiritse ntchito ngati ikukuthandizani. Wopereka uphungu akayamba kukuumirizani kuti mukumbukire zoopsa zimene inu simukuzikumbuka, imani pomwepo, chifukwa maganizo a munthu amatha kukumbukira zinthu zimene sizinachitike akakakamizidwa. Ndipo ngati mumataya maola osadziwa kumene munali, kapena mumamva mawu ngati akuchokera kunja kwa mutu, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, imeneyo ndi nkhani ina: kaonaneni ndi dokotala wanu sabata yomwe ino.

Chitseko cha kuchipinda chija musachitsegule muli nokha usiku mutachoka kuntchito. Mu IFS amayamba kupempha chilolezo kwa alonda, ndipo pali chifukwa chake. Mukawadumpha, ozimitsa moto amabwera ndi mphamvu yoposa kale.

Chomaliza, chimene mabuku a ku America sangakuuzeni bwino: kapitawo wanu sakunama pa zonse. Fizi ndi yeniyeni, feteleza wakwera mtengo zoonadi, ndipo amayi akufunikadi mankhwala. Simukuchira kuti musiye abale anu. Koma mtima wopsa uja nawonso uli ndi mlandu womveka, wakuti m'banjamo muli akulu ena amanja awiri amene satulutsa ngakhale tambala. Foni ikadzalira ulendo wotsatira, yankhani, mverani, n'kunena kuti, "Ndamva, ndikuyankhani mawa." Usiku umenewo tengani pepala, mufunse kapitawo chimene akuopa kuti chichitika mukapanda kutumiza lero lomwe, mufunsenso wopsa mtimayo kuti ndi ndalama zingati pamwezi zimene angatumize osadzida. Mayankho awiriwo mupite nawo kwa wopereka uphungu wanu.